Kuyambitsa kagulu ka Linux pakati pa Amalawi kuno ku Joni

Pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 10. Makina sanazime tsiku limenelo, akuyakabe mpaka lero, koma zokonza zachitetezo zinasiya kubwera, kupatula kwa amene analembetsa dongosolo lowonjezera lomwe kwa anthu wamba linaikidwa kuti lithe mu Okutobala 2026. Windows 11 nayo ndi yosankha. Imafuna kachipangizo kotchedwa TPM 2.0 ndi purosesa yatsopanoko, moti malaputopu ambiri opangidwa chisanafike chaka cha 2018 imawakana. Tsono malaputopu amene ali m'zipinda za Amalawi ku Rosettenville, Turffontein, Yeoville, Mayfair, Cosmo City ndi Diepsloot ndi omwewo: ogulidwa m'mashopu a katundu wogwirapo kale ntchito, kapena opatsidwa ndi abwana atagula yatsopano. Ndi amoyo ndithu, ndipo Linux, pulogalamu yaufulu yoyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows, imayenda bwino pa ambiri a iwo.

Kuyika Linux pa laputopu n'kosavuta, ola limodzi zatheka. Chimene chimagwetsa magulu ndi masabata otsatirawo, pamene munthu amene mwamuyikira Linux wabwerera kunyumba, Wi-Fi yakana, womufunsa palibe, ndipo Loweruka lotsatira walowa m'tauni kukabwezeretsa Windows yakuba. Malangizo awa ndi a munthu amene akufuna kuyambitsa kagulu kothandizana, kuti mlendo akalowa asatuluke wokhumudwa.

Yambani ndi anthu atatu

Ife Amalawi tikati tiyambe kanthu timathamangira kusankha wapampando, wachiwiri wake, mlembi ndi msungichuma, kenako miyezi ikutha tikukangana za malamulo. Zimenezo n'zoyenera ku bungwe la maliro kumene kuli ndalama za anthu. Kuno dikirani kaye. Pezani anthu atatu okha.

Woyamba akhale wodziwa makina, amene anayikapo Linux kangapo ndipo sanjenjemera sikirini ikada. Digiri siyofunika; anyamata ambiri okonza mafoni ndi aluso kuposa mmene timawaganizira. Wachiwiri akhale wodziwa anthu, mayi wa chigwirizano, mkulu wa mpingo, kapena munthu womveka ku mzikiti, amene akaitana anthu amabwera. Wachitatu akhale woleza mtima, wotha kufotokoza chinthu chimodzi kasanu nkhope isanasinthe. Pa atatuwa wovuta kupeza ndi wachitatuyu, ndipo gulu lopanda iye limasanduka bwalo la akatswiri oonetsana nzeru. Onetsetsaninso kuti mmodzi mwa iwo ndi mayi. Amayi ambiri salowa m'chipinda chodzaza amuna okhaokha atanyamula laputopu yokhala ndi zithunzi za banja lawo.

Dziwani chimene mukuitanira anthu, koma musalalikire

Pulogalamu yaufulu ndi imene laisensi yake imakulolani zinthu zinayi: kuigwiritsa ntchito pa chilichonse, kuona mmene inalembedwera n'kuisintha, kupatsa ena makope, ndi kugawa zimene mwasinthazo. Mfundozi zinachokera kwa Richard Stallman, amene analengeza GNU, ntchito yopanga mapulogalamu aufulu oyendetsa kompyuta, mu 1983 n'kukhazikitsa Free Software Foundation mu 1985. Mu 1991 Linus Torvalds, ali wophunzira ku Helsinki, anatulutsa Linux. Ubuntu, imodzi mwa mitundu ya Linux yotchuka kwambiri, inayambitsidwa ndi Mark Shuttleworth wobadwira ku Welkom ku Free State, ndipo inatuluka koyamba mu Okutobala 2004.

Mbiriyi muidziwe inuyo, koma kwa alendo isapitirire mphindi zisanu. Chimene chimawagwira mtima ndi kumva kuti zinthuzi akuzigwiritsa kale ntchito. Foni ya Android imene ili m'thumba mwawo imayendera Linux mkati mwake. VLC imene amaonera mafilimu ndi yaufulu. Ngakhale Unduna wa Zaumoyo kwathu umasonkhanitsa malipoti a zipatala kudzera mu DHIS2, pulogalamu yaufulu imene mizu yake ili kuno ku South Africa m'zaka za m'ma 1990, ndipo lero ntchito yake imatsogoleredwa ku University of Oslo.

Wina adzakufunsani, ndipo ali ndi mfundo: "Achimwene, Windows ndi Office ndinayikitsa motchipa pa kona, ndiye chaulere chanucho chikusiyana pati?" Muyankheni mosamuchititsa manyazi, chifukwa ambirife tinadzera komweko. Pulogalamu yothyoledwa imafuna kuti muzimitse antivayirasi kuti ilowe, ndipo amene anaithyola simumudziwa, zimene anabisamo simukuziona. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Pa makina omwewo ndi pamene munthu amatsegulira banki, imelo, ndi makope a pasipoti yake.

Mapulogalamu atsogole, Linux ibwere pambuyo

Msonkhano woyamba musafufute makina a munthu aliyense. Funsani funso limodzi, aliyense payekha: "Amayi, kompyuta yanuyi mumapangira chiyani?" Mayankho ake sachuluka. CV, kalata yofunsira ntchito, koteshoni ya ntchito yopenta kapena yomanga, buku la chipereganyu, pulogalamu ya ukwati, nyimbo za kwaya, homuweki ya ana, YouTube. Lembani yankho la aliyense, chifukwa ndi limene lidzakuuzeni ngati munthuyo ali woyenera kusamukira ku Linux.

Kenako ikani mapulogalamu aufulu pa Windows yomweyo: LibreOffice, Firefox (msakatuli wotsegulira mawebusayiti), VLC, ndi GIMP kapena Inkscape kwa opanga mapositala. LibreOffice inayamba mu 2010 kuchokera ku OpenOffice.org, ndipo Writer yake imagwira ntchito ya Word, Calc ya Excel, Impress ya PowerPoint. Munthu akazolowera zimenezi kwa milungu iwiri kapena itatu, tsiku losamuka amapeza zida zake zomwezo zikumudikira, ndipo mantha amachepa.

Apa khalanipo nthawi, chifukwa CV ndi imene imapangitsa anthu kukhulupirira kapena kuthawa. Fayilo ya Word ikatsegulidwa mu Writer nthawi zina mizere imasuntha, tsamba limodzi n'kukhala awiri. Kawirikawiri vuto ndi mtundu wa zilembo. Calibri ndi Cambria ndi za Microsoft, ndipo zikasowa pulogalamu imasankha zina zotambalala mosiyana. Mankhwala ake ndi kuyika Carlito ndi Caladea, zomwe zinapangidwa ndi miyeso yofanana ndi ziwirizo, monga mmene Liberation imalowera m'malo mwa Arial ndi Times New Roman. Chachiwiri, phunzitsani aliyense kutulutsa PDF. Batani lake lili pamwamba penipeni mu Writer. CV yopita kwa olemba ntchito kapena kokapulintitsa ku intaneti kafe ipite ngati PDF, ndipo idzaoneka chimodzimodzi kulikonse. Ngati wolandirayo akufuna kusinthamo, isungeni ngati docx.

Malo ndi tsiku

Malo abwino ndi amene anthu amapitako kale. Holo ya tchalitchi mapemphero akatha, kalasi ya pa madrasa, galaja ya mnzathu amene ali ndi intaneti ya fibre. Malo okongola a ku Braamfontein angakukopeni, koma kwa munthu wa ku Diepsloot ndi matakisi awiri kupita, awiri kubwera, laputopu ili pamsana. Ndi bwino kuti inu atatu muyende kusiyana ndi kuyendetsa anthu khumi.

Ambiri ogwira ntchito m'nyumba, m'minda ya maluwa ndi m'mashopu amapuma Lamlungu lokha, choncho Lamlungu masana ndiye nthawi. Pewani kumapeto kwa mwezi, anthu ali pa mizere yotumiza ndalama kumudzi. M'miyezi ya Juni ndi Julayi dzuwa limalowa isanakwane 6 koloko, ndiye muzitseka 4 koloko kuti aliyense afike kwawo kukuwala. Auzeni anyamule laputopu m'chikwama wamba, osati chija chooneka kuti muli kompyuta, makamaka odutsa ku marenki a matakisi a Bree kapena Noord.

Funsiranitu za magetsi a dera limenelo, kaya ndi load shedding kaya ndi mawaya obedwa, chifukwa malaputopu akale ambiri batire linafa, ndipo magetsi akathima Linux ili pakati polowa mumayambiranso. Tengani maekisitenshoni okwanira ndi maadaputala a mapulagi a mano awiri.

Chinthu china chimene magulu a eni dziko sachiganizira: musafunse munthu mapepala, musalembe mayina athunthu ndi maadiresi pakhomo, ndipo musajambule anthu n'kuika pa Facebook osawapempha. Dzina loyamba ndi nambala ya foni, kwa amene wafuna, n'zokwanira.

Sankhani Linux imodzi

Mitundu ya Linux ilipo yambirimbiri, ndipo akatswiri akakumana amakangana za Debian, Fedora ndi Arch mpaka tiyi kuzizira. Mkanganowo muuchitire kwanu. Pagulu sankhani umodzi, kuti aliyense athe kuthandiza mnzake poona sikirini yofanana.

Ine ndimalimbikitsa Linux Mint. Maonekedwe ake ali pafupi ndi Windows: menyu pansi kumanzere, wotchi pansi kumanja. Mint 22 inamangidwa pa Ubuntu 24.04 ndipo idzasamalidwa mpaka 2029. Opanga ake amati 2GB ya RAM ndi 20GB ya malo n'zoyambira, koma 4GB ndi imene munthu amapumira bwino. Makina ofooka apatseni Mint ya mtundu wa Xfce, amphamvuko wa Cinnamon. Mukakonda Ubuntu yeniyeniyo, tengani ya LTS yokha, kutanthauza yosamalidwa nthawi yaitali, imene imatuluka mu Epulo zaka ziwiri zilizonse n'kusamalidwa zaka zisanu. Zotuluka pakatipo zimakhala miyezi isanu ndi inayi basi, ndipo mlendo alibe nthawi yosamukasamuka.

Fayilo ya Mint ndi pafupifupi 3GB, ya Ubuntu 24.04 pafupifupi 6GB. Munthu mmodzi adawunilode kamodzi pa fibre kapena pa deta ya usiku, ena akopere kwa iye. Vuto la deta ndi lakale m'dziko muno: m'zaka za m'ma 2000 Shuttleworth Foundation inaika makina otchedwa Freedom Toaster m'malo osiyanasiyana, kuti munthu abwere ndi CD yopanda kanthu n'kudziwotchera Linux. Lero ntchito imeneyo ikugwiridwa ndi fulashi ya m'thumba mwanu.

Mukadawuniloda, tsimikizani kuti fayilo yafika yathunthu. Pa webusayiti pamene mwaitenga pamakhala nambala yaitali ya SHA256. Pa Linux lembani mu terminal (zenera lolembamo malamulo) sha256sum ndi dzina la fayilo, pa Windows mu Command Prompt certutil -hashfile, dzina la fayilo, kenako SHA256. Nambala imene yatulukayo ikasiyana ndi ya pa webusayiti, fayiloyo itayeni. Ambiri amadumpha sitepe imeneyi, n'kutha masana onse akuimba mlandu laputopu yosalakwa.

Konzani mafulashi atatu kapena anayi a 8GB kupita m'mwamba. Mapulogalamu a Rufus ndi balenaEtcher amalemba fayilo imodzi ya Linux pa fulashi imodzi. Ventoy ndi yabwino koposa pa ntchito ya gulu, chifukwa mukaiyika kamodzi mumangoponyamo mafayilo angapo n'kusankha poyatsa. Pezaninso hard drive yakunja yosungirapo mafayilo a anthu, mausi ya waya, ndi chingwe cholumikizira foni.

Tsiku loyika

Lamulo loyamba: mwini wake ndiye akhale pa mpando, dzanja lake pa mausi. Inu khalani pambali manja ali m'thumba. Zidzachedwa, mtima udzakuyabwani, koma munthu amene anadina yekha "Install" amabwerera kunyumba akudziwa kuti makinawo ndi ake.

Musanakhudze chilichonse funsani za umwini. Laputopu ya kuntchito kapena ya sukulu musaiyike kanthu. Yokhala ndi pasiwedi ya BIOS (makonzedwe a makina amene mumalowamo poyatsa) imene mwini wake saidziwa, kapena chizindikiro cha kampani ina, ibwezeni mwaulemu. Gulu likangodziwika kuti limatsuka makina okayikitsa, amene adzagogode pakhomo si ophunzira.

Kenako sungani mafayilo, ndipo apa musathamange. Koperani Documents, Pictures, Desktop, Downloads, Music ndi Videos ku hard drive yakunja, mwini wake akuona. Atsegule yekha mafayilo angapo pa kompyuta ina kuti atsimikize kuti alowadi. Mufunseni kawiri: "Bambo, palibe china? Zithunzi za maliro, masetifiketi, makope a pasipoti?" Anthu amasunga zinthu m'malo odabwitsa, ena mu Recycle Bin momwe. Inuyo musatsegule zithunzi za munthu, ndipo ntchito ikatha fufutani makope ake pa hard drive yanu iye ali pomwepo.

Msampha waukulu ndi mapasiwedi. Ambiri Gmail ndi Facebook anatsegula kalekale ali ku Mangochi kapena ku Mzimba, pasiwedi anaiwala, msakatuli ndiye amaikumbukira, ndipo nambala yobwezeretsera ndi ya TNM kapena Airtel imene inafa kale. Mukafufuta makina amenewo mwamutsekera kunja kwa imelo yake. Choncho asanasamuke aonetse kuti akutha kulowa mu imelo pa chipangizo china, asinthe nambala yobwezeretsera ikhale ya kuno, ndipo mapasiwedi osungidwa mu msakatuli awatulutse kapena awalembe m'kabuku kake.

Tsopano yatsani kuchokera pa fulashi. Batani lake limasiyana: Dell ndi Lenovo kawirikawiri F12, HP F9, Asus Esc, Acer F12 ngakhale nthawi zina muyenera kuyamba mwalitsegula mu BIOS. Linux idzayaka yonse kuchokera pa fulashi osakhudza za mkati. Apa ndi poyesera. Lumikizani Wi-Fi, imbani nyimbo, tsegulani kamera, kwezani ndi kutsitsa kuwala, yesani touchpad, lembani chizindikiro cha @ kuti muone ngati kiyibodi ndi ya US kapena UK. Tsegulani pulogalamu ya Disks muone thanzi la hard drive. Ikanena kuti yatsala pang'ono kufa, musayikepo kanthu. Mwini wake atsegule CV yake ndi webusayiti ya banki yake. Wi-Fi ikakana, makamaka pa makadi a Broadcom, lumikizani foni ya Android ndi chingwe n'kuyatsa USB tethering, ndipo mukamaliza kuyika, Driver Manager idzakupezerani chosowacho.

Zikayenda, mwini wake asankhe yekha, ndipo njira zilipo zitatu. Kufufuta zonse n'kuyika Linux yokha ndi kosavuta kusamalira pambuyo pake. Kuyika pambali pa Windows kumatonthoza amantha, koma n'kumene kumabala mavuto ambiri. Mukasankha zimenezo, zimitsani Fast Startup mu Windows, ndipo ngati muli BitLocker, loko ya Windows yotsekera disiki, kiyi yake yobwezeretsera ilembedwe papepala kuchokera mu akaunti ya Microsoft ya mwini wake musanasinthe chilichonse mu BIOS. Disiki ikapanda kuoneka poyika, kawirikawiri ndi Intel RST imene iyenera kusinthidwa kukhala AHCI, koma kusintha kumeneko kungalepheretse Windows kuyaka, ndiye kusiyireni wodziwa uja.

Njira yachitatu ndi imene ndimaikonda. Ngati munthu angakwanitse kugula SSD yaing'ono, disiki yamakono yothamanga, chotsani hard drive yakale, ikani SSD, Linux ilowe pamenepo. Laputopu ya zaka khumi imadzuka mwachangu moti mwini wake amaseka yekha, ndipo disiki yakale ija amapita nayo kunyumba ili ndi Windows ndi mafayilo onse. Zikamukanika, masikuluwu ochepa abwerera pomwe anali.

Poyika, dera la nthawi sankhani Johannesburg. Pasiwedi alembe mwini wake, inu mutayang'ana kumbali, ndipo ailembenso m'kabuku. Za kubisa disiki yonse ndi pasiwedi ganizani bwino: kwa woyenda ndi laputopu m'matakisi tsiku ndi tsiku n'kothandiza ikabedwa, koma akaiwala pasiwediyo palibe katswiri amene angatsegule. Woiwalaiwala musamuyikire.

Ikatha, bwezeretsani mafayilo, sinthani kochokera mapulogalamu kukhala seva ya kuno ku South Africa mu Software Sources kuti ziziyenda msanga, yendetsani Update Manager mukadali pa Wi-Fi ya pamalopo, ndipo yatsani Timeshift, imene imasunga chithunzi cha dongosolo lonse kuti zikasokonekera mubwerere mmbuyo. Muuzeni kuti Timeshift, mukapanda kusintha makonzedwe ake, simusungira zithunzi ndi makalata ake. Zimenezo azikopera yekha pa fulashi.

Asananyamuke achite yekha zinthu zisanu inu mukungoonerera: kulumikiza Wi-Fi, kuyika pulogalamu imodzi kuchokera mu Software Manager, kulemba kalata n'kutulutsa PDF, kukopera fayilo pa fulashi, ndi kulumikiza WhatsApp Web. Terminal musamuonetse tsiku loyamba. Ndikudziwa kuti zala zimayabwa, koma mlendo akaona sikirini yakuda ndi zilembo zothamanga amatsimikiza mumtima kuti izi n'za anthu ophunzira.

Pa tsiku limodzi wothandiza mmodzi asapitirire makina awiri.

Ena musawasamutse

Nenani zoona ngakhale zikuchepetsereni anthu. Microsoft Office yoyika pa kompyuta, Photoshop, CorelDRAW, AutoCAD ndi Sage Pastel sizinapangidwire Linux. Munthu amene amadyera CorelDRAW ku shopu yopulinta, kapena mlongo wosunga mabuku a kampani pa Pastel, msiyeni pa Windows. Mupatseni LibreOffice ndi VLC basi. Chimodzimodzi anyamata oflasha mafoni, chifukwa zida zawo zambiri ndi za Windows. Wophunzira wa pa intaneti ayambe wafunsa kusukulu kwake ngati pulogalamu yoyang'anira mayeso imayenda pa Linux, ndipo pakati pa semesita musamusinthire kanthu. Pulogalamu yotchedwa Wine imatha kuyendetsa mapulogalamu ena a Windows pa Linux, koma musalonjeze munthu pa chinthu chimene amapezera lendi.

Munthu amene mwamuuza kuti "inu ayi, khalani pomwepo" amakutumizirani abale ake, chifukwa waona kuti simukugulitsa kanthu.

Masabata anayi otsatira

Apa ndiye pagona gulu. Mlendo aliyense apatsidwe munthu mmodzi wodziwika dzina, womuimbira. Pakatha masiku atatu wothandizayo ndiye ayambe kufunsa, chifukwa ife kudandaula kwa munthu amene watithandiza mwaulere timakuona ngati chipongwe. Munthu adzakhala mwezi wathunthu mawu osamveka pa laputopu, mukakumana kutchalitchi n'kumati "zili bwino, achimwene". Choncho musafunse kuti zikuyenda bwanji. Funsani kuti: "Mwayesa kupulinta? Zoom yatheka? Chakukwiyitsani n'chiyani sabata ino?"

Tsegulani gulu la WhatsApp. Akatswiri ena adzati WhatsApp si yaufulu, tipite ku Signal kapena Matrix. Akunena zoona, koma anthu anu ali pa WhatsApp ndipo mabandulo awo ndi a WhatsApp. Malamulo akhale ochepa: za ndale, malonda ndi mauthenga a m'mawa zipite kwina, funso lifunsidwe m'Chichewa, Chiyao, Chitumbuka kapena Chingerezi, ngakhale ndi mawu ojambula, ndipo yankho lakuti "kafufuzeni pa Google" n'loletsedwa. Phunzitsani anthu kafunsidwe kothandiza: ajambule sikirini ndi foni, anene mtundu wa laputopu, chimene amafuna kuchita, ndi chimene chachitika. Achenjezeninso kuti asamakopere malamulo a mu terminal kuchokera pa intaneti osafunsa, makamaka oyamba ndi sudo.

Muzikumana kamodzi pamwezi, tsiku losasintha, ngakhale mubwere anayi. Theka loyamba likhale chipatala cha makina, theka lachiwiri phunziro limodzi lochokera pa mndandanda uja wa tsiku loyamba: buku la chipereganyu mu Calc, positala ya msonkhano wa chitsitsimutso mu Inkscape, kuyeretsa nyimbo za kwaya mu Audacity. Pofika msonkhano wachitatu, amene munamuyikira mwezi woyamba ndiye aonetse mlendo watsopano potulukira PDF. Adzachita mwamanyazi ndipo mwina adzazungulira njira yaitali. Musamulande mausi.

Vuto lililonse limene mwalithetsa lilembeni m'fayilo imodzi ya gulu, m'Chichewa, ndi dzina la laputopu yake. Malaputopu a anthu athu ndi amitundu yomweyomweyo, ndipo vuto la HP ya lero lidzabweranso ndi HP ya mawa.

Ndalama

Pa tsiku la gulu thandizo likhale laulere, chopereka chikhale cha holo, deta ndi tiyi, ndipo chilengezedwe poyera. Koma musaletse anyamata okonza makompyuta kulipiritsa akamagwira ntchitoyi ku shopu kwawo. Malaisensi a mapulogalamu aufulu ngati GPL saletsa kulipiritsa, ndipo makampani a Linux a Red Hat ndi Canonical amadyera ntchito yothandiza makasitomala pa mapulogalamu omwewa. Mnyamata wa ku Yeoville akamapeza ya buledi poyika Mint, ndiye kuti anthu a dera limenelo ali ndi kothawira Lachitatu masana inu muli kuntchito.

Kulumikizana ndi ena, ndi laputopu yopita kumudzi

Gulu likaima, tulukani mukaone anzanu. Jozi Linux User Group ndi Ubuntu-ZA ndi mayina oyamba kufufuza, ndipo Software Freedom Day, imene inayamba mu 2004, imachitika Loweruka lachitatu la Seputembala chaka chilichonse. Ndi tsiku labwino lochitira msonkhano waukulu woitana ndi anansi a ku Zimbabwe ndi Mozambique omwe. Dziko lino lili ndi mbiri yake pa nkhaniyi. Nduna za boma zinavomereza ndondomeko ya mapulogalamu aufulu mu 2007, msonkhano wa Debian wa DebConf16 unachitikira ku Cape Town mu 2016, ndipo Jonathan Carter wa konkuno anatsogolera Debian kuyambira 2020 mpaka 2024.

Amene sadziwa kulemba mapulogalamu ali nacho chopereka. Wikipedia ya Chichewa ilipo ndipo ndi yaing'ono kwambiri. Pa OpenStreetMap munthu angathe kujambula msewu, mjigo, sukulu ndi chigayo cha kumudzi kwawo ali pa mpando ku Turffontein, ndipo mudziwo amaudziwa kuposa wina aliyense wojambula ali ku Ulaya. Madzulo amodzi a mapu amakopa ngakhale achikulire amene za Linux sizinawakhudze.

Pomaliza, malaputopu ambiri amene mudzakonze sakhalitsa kuno. Disembala ikayandikira amakwera basi pa Park Station kapena kupatsidwa kwa transipota, kupita kwa mwana amene ali ku sekondale kapena ku koleji. Yoteroyo ikonzeni mosiyana, chifukwa kumene ikupita deta ndi yodula ndipo wothandiza ali kutali. Malizani zokonza zonse ikadali kuno. Ikanimo pulogalamu ya Kiwix ndi fayilo yake ya Wikipedia yowerenga popanda intaneti, masewera ophunzirira a GCompris ndi pulogalamu yojambulira ya Tux Paint ngati kuli ana aang'ono, ndi ma codec onse, timapulogalamu totsegulira nyimbo ndi mafilimu. Pangani maakaunti awiri, ya woyang'anira ndi ya wamba, kuti ana asafufute zofunika. Za wotchi musavutike, nthawi ya kuno ndi ya ku Malawi ndi imodzi. Wolandirayo muikeni pa gulu la WhatsApp laputopu isananyamuke, ndipo mumuuze kuti akapita nayo kwa okonza a pa boma, asalole kuti aifomate chifukwa choti sakuizindikira. M'chikwama muikemo fulashi ya Mint yomweyo, pasiwedi ipite padera pa foni, ndipo musinthe chingwe cha chaja kapena muikemo adaputala, chifukwa pulagi ya kuno ya mano ozungulira silowa m'masoketi a kwathu a mano atatu amakona.